Lachitatu la Phulusa ku Salford

Ku Misa ya seveni koloko tinalipo khumi ndi atatu:
ine, anyamata awiri a ku Poland m'majekete achikasu,
ndi nkhalamba zotsokomola m'mabenchi akutsogolo.
Bambo Kearney, chala chozizira ngati kiyi,
anandilemba mtanda waphulusa pamphumi.
Unapendama.
Manja awo ayamba kunjenjemera chaka chino.

Pokwana naini ndinali pamzere wina,
kunja kwa ofesi kumene timakasaina
kuti sitinathawe, tikadalipo, tikupumabe.
Mvula yakuno siigwa, imangokunyambita.
Patsogolo panga Tesfalem akukanda mwendo
pomwe kachipangizo kakuda kamugwira m'kakolo
miyezi isanu ndi iwiri tsopano.
Madzulo amakhala pansi pafupi ndi soketi
kudzitchaja ngati foni.

Boma sindidana nalo, ndisaname.
Basi inabwera nthawi yake.
Pamene chifuwa chinanditseka mu Disembala
ambulansi sinafunse kuti kwanu n'kuti.
Msonkho amadula ndisanaione ndalama,
ndipo sindidandaula: msewu suphuka wokha.
Lamlungu timapempherera olamulira,
ine ndimayankha mokweza kuposa ena.

Koma mkati muja makina anandikana.
Kamera inandiyang'ana, kuwala kofiira, kawiri.
Mnyamata wa pawindo, baji yake ikuti Callum,
analoza pamphumi pake osandiyang'ana m'maso:
mayi, fufutani chakudacho,
kompyuta siikukuzindikirani.

Ndinaima.
Kumbuyo kwanga mwana akulira, mzere ukufupika mtima.
M'thumba ndinakhudza paundi imodzi ya basi yobwerera,
mutu wa mfumu utadindidwa pamenepo.
Iyi ndi yanu, ndinatero mumtima, itengeni.
Tengani siginecha, zala khumi, adiresi,
tsiku lobadwa lomwe amayi anachita kuganizira.
Koma nkhope iyi simunaiumbe ndinu.
Mwini wake anaidinda kale
kusanakhale pasipoti, kusanakhale malire,
ndipo saifunsa nambala ikagogoda.

Mungandiuze kogona.
Mungandiuze tsiku lonyamuka, mwina mawa lomwe.
Simungandiuze kuti ndine ndani.
Mpanda wanu uthera pakhungu langa,
kuseri kwake ndi munda wa wina.

Ndinafufuta.
Inde, ndinafufuta, sindine wofera chikhulupiriro ine,
shifiti yanga imayamba leveni.
Kuwala kobiriwira. Makina anakhuta.
Tishu ndinaipinda kanayi
n'kuiika m'thumba momwe muli kolona.

Callum akundibwezera pepala anaweramira pagalasi,
tsitsi lake linasuntha pang'ono,
ndipo ndinaona kamzere kotuwa
kotsalira pomwe sopo sanafike.
Anaona kuti ndaona.
Anati pepani, motsitsa, ngati akuba mawuwo.
Nayenso ndi dothi lovala yunifolomu.
Nduna imene inasaina lamulolo nayonso,
ngakhale galimoto lake lili ndi mbendera.

Masana ndinasambitsa Mayi Devlin, chipinda chachisanu ndi chinayi.
Zaka makumi asanu ndi anayi, mafupa ngati mapesi.
Dzina lawo analiiwala chaka chatha,
langa sanaligwirepo: amanditcha Bridie,
pomwe ine ndine Felesita wa kwa Nsanama.
Pa fomu iwo ndi bedi, ndi mtengo wa pasabata.
Ndinayesa madzi ndi chigongono,
ndinawafunditsa thaulo pachifuwa
ngakhale m'chipindamo munalibe wowaona,
chifukwa ulemu sudikira mboni
ndipo palibe komiti inaupereka
kuti mawa ikaulande.

Anandigwira dzanja n'kufunsa ngati lero n'Lachitatu lija.
Wansembe safika kuno mpaka Lachisanu.
Ndinatulutsa tishu ija.
Phulusa linatsala lochepa, longodetsa nsonga ya chala.
Ndinawalemba pamphumi.
Unapendama nawonso.

Kunja basi ya sikisi inadutsa yodzaza,
aliyense ndi khadi lake m'manja,
aliyense ndi nkhope yosabwereka kwa munthu.