Mlonda wa Kona Yachitatu

Magetsi anazima ku Chilenje
mutu wa a Sandikonda ndili pakati pometa,
mbali ina see ngati dzira, inayo thengo.
Makina anangoti zii m'dzanja langa.
Munthu sangatuluke ndi mutu wotere,
choncho tinakhala,
ndipo mkangano wakale uja unadzuka pabenchi,
n'kudzisasa fumbi.

"Pa besibolo yonse ya m'Lusaka muno,"
anayamba a Sandikonda, nsalu idakali m'khosi,
"palibe analonda kona yachitatu ngati Jailosi Nkhoma.
Mpira uchoke pandodo ukulira ngati mavu,
iye ankaugwera chafufumimba,
n'kuuponya bondo lili pansi,
wothamanga asanakumbuke dzina la mayi ake."

A Yotamu Miti anapinda nyuzipepala ya dzana.
"Jailosi ankagwa chifukwa ankachedwa kuganiza.
Wandisoni Daka wa ku Matero simunamuone inu?
Malaya ake ankabwerera kunyumba oyera.
Mpira usanamenyedwe
iye anali ataima kale pamene udzere,
ngati kondakitala wodziwa potsikira munthu aliyense."

"Kuima si kusewera!"
"Kugubuduka m'fumbi n'kwa nkhuku!"

Mnyamata wodikira kumeta anadzutsa foni,
akuti afufuze manambala.
Onse awiri anaseka mpaka kutsokomola.
Manambala ati, mwanawe?
Buku la zigoli linali limodzi,
lachikuto chofiira, la masamu a sitandade faifi,
chiswe chinalidya chaka cha chilala.
Bwalo lenilenilo pano ndi potsukira magalimoto;
pamene panali kona yachitatu
pali mpopi wodontha.

Anawerengabe zimene chiswe chinasiya m'mitu mwawo:
tsiku la fumbi la Ogasiti
Jailosi atagwira mpira ndi dzanja lopanda golovesi,
chikhatho n'kung'ambika, iye n'kumanga mpango;
Loweruka lija anyamata a ku migodi
anabwera pa sitima ndi nyimbo zawo,
Wandisoni n'kuwatulutsa atatu motsatizana
akutafuna mtedza.
Wina akati chinali chaka chakuti, mnzake akuti bodza.
Wina akati kunagwa mvula, mnzake akuti kunali dzuwa.

Pakhomo pamakhala a Gidiyoni Kamanga, osoka nsapato,
amene sindinawamvepo akulowerera za eni.
Tsikuli anayika chisongole pansi.
"Ine ndinali pa kona yoyamba," anatero,
"zaka zisanu ndi zinayi.
Zonse zimene ankaponya awiriwo zinkathera muno."

Anakweza dzanja lamanzere.
Chala chamkombaphala chokhota ngati mbedza,
chakaniso chotupa pamfundo.
"Ichi ndi Jailosi.
Ichi ndi Wandisoni."

"Ndiye wamkulu ndani?" tinafunsa pamodzi.

Anaziyang'ana zalazo nthawi yaitali,
monga bambo wofunsidwa mwana amene amamukonda koposa.
"Kukazizira mu Juni, Jailosi ndiye amandidzutsa usiku.
Mitambo ikasonkhana mu Novembala, Wandisoni amayamba.
Wina tinamuika ku Chingwere,
wina anapita ku Chipata osatsanzika.
Koma muno sanasiye kupikisana."

Anatola nsapato ya mwana wasukulu,
n'kupitiriza kusoka.

Kunali chete, kupatula minibasi
ikuitana anthu a ku Kamwala.

Kenaka babu linaphethira, wailesi inatsokomola,
makina ananjenjemera m'dzanja langa.
Ndinaweramitsa mutu wa a Sandikonda
kuti ndimalize thengo lotsala lija,
ndipo ndinawamva akunong'oneza kalilole,
tsitsi la imvi likugwera pamaondo awo:

"Komabe Juni ndi wautali kuposa Novembala."

"Onse ndi masiku makumi atatu,"
anayankha a Yotamu,
osakweza maso panyuzipepala.