Ngodya Yam'kati

Ku Le Sentier chipale chofewa chafika m'mawondo,
ng'ombe zili m'khola mpaka Epulo,
ndipo ine ndakhala pa zenera la kumpoto
pomwe ankakhala bambo,
zigongono pa benchi, kagalasi kokuzira zinthu pa diso.

Pansi pa nyumba ino makina akung'ung'udza.
Sindidana nawo.
Usiku umodzi amasema timagudumu zikwi zitatu,
timano take tofanana kuposa amapasa;
satsokomola, sapempha khofi,
dzanja lawo silinjenjemera Lolemba m'mawa.
Aurèle, mnyamata wowayang'anira, amandiseka:
"Mayi Meylan, masabata awiri pa kachitsulo kamodzi?"

Eya, awiri.
Kachitsulo kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Ndimakapala ndi tupa,
kenako ndi phesi louma la duwa la kuphiri
lomwe ndinathyola ndekha mu Seputembala,
mpaka m'mphepete mwake muti waliwali ngati madzi oundana.
Pali ngodya ina yam'kati
yomwe mpeni wozungulira wa makina umaisiya yobulungira.
Ndikafika pamenepo ndimagwira mpweya,
n'kudikira mtima ugunde kaye,
dzanja lidutse pakati pa kugunda kuwiri.

Dzulo kunabwera wotchi kuchokera ku Osaka.
Yatha zaka makumi anayi pa mkono
wa munthu amene sindidzamuona.
Nditatsegula kumbuyo kwake,
kunsi kwa kagudumu kogwedezeka,
pomwe mwiniwake sanasuzumirepo n'kamodzi komwe,
ndinapeza ngodya yakuthwa bwino,
ndi kamzere kamodzi kothawira kumanja.

Bambo anali amanzere.
Chaka chimenecho chala chawo chinapsa pa mbaula,
anagwira ntchito mwezi wathunthu atachimanga nsalu,
akutukwana chapansipansi kuti amayi asamve.
Ine ndinali kunsi kwa benchi,
ndikusaka kasikuluwu komwe anagwetsa.
Sindinakapeze.

Ndinatsuka, ndinadonthezera mafuta
ndi nsonga ya singano,
ndinapukusa.
Inazengereza pang'ono, ngati nkhalamba podzuka pampando,
kenako inayamba: ke, ke, ke.

Imachedwa masekondi anayi pa tsiku.
Foni ya Aurèle sinachedwepo chibadwire,
ndipo ikadzafa palibe amene adzaitsegule
kufunamo atate ake.

Kamzereko ndikanakafufuta m'mphindi khumi.
Tupa inali kale m'manja.
Kunja wina ankakolopa chipale pakhomo la positi ofesi,
mdima wa folo koloko ukutsika m'mapaini.
Ndinauzira fumbi,
ndinatseka chivindikiro.