Fayilo Yonama Msinkhu

Lachitatu pa Nchalo, dzuwa likuphika malata,
mbuzi zabisala pansi pa ngolo ya nzimbe,
fani yanga ikungotembenuza mpweya womwewo.

Ndine wojambula, koma pensulo sindigwira.
Makadi a ukwati, zikwangwani za maokala,
mapulani a nyumba za anthu ochoka ku Makhanga
amene atopa kumanga pomwe Ruo amadzagona.

Uthenga unafika cha m'ma leveni:
"Mayi Alufandika, nayi pulani ya sitolo yanga,
muikongoletse, ndione mmene idzaonekere ikatha."
Moni waulemu, wa munthu woleredwa bwino.
Ndinatsegula.

Mundimvetse. Sindinadine zoti ndawina galimoto,
sindinauze aliyense nambala yanga yachinsinsi.
Ndinatsegula chojambula basi,
ntchito imene ndimadyera.

Kamuvi kanazungulira, kanazunguliranso,
kenaka khoma, khonde, mawindo atatu,
zonse zili m'malo mwake.
Ndinayamba kusankha utoto wa chitseko.

Loweruka m'mawa mafayilo anga onse anali atasintha mayina.
Makadi a Esinati ndi Jofilisi, ukwati wake wa sabata yamawa.
Pulani ya mayi wamasiye wa ku Bangula
amene anandilipira ndi matumba awiri a mapira.
Zaka zisanu ndi chimodzi za ntchito,
zokhomedwa ndi loko wa munthu amene sindidzamuona,
ndi kakalata kofuna madola.

Zuze anabwera pa kabaza, malaya atamatirira kumsana.
Anakhala nthawi yaitali osayankhula, akuyamwa bwemba.
Kenaka anati:
Fayilo iliyonse imayamba ndi kudzitchula.
Imati, msinkhu wanga ndi uwu, ndikonzereni malo otere.
Pulogalamu yanuyi imamva, imakonza malowo,
koma siyeza.
Iyi inati ndine kapu ya madzi,
inabwera ndi diramu.
Zosefukirazo zinagwera pomwe makina amasunga malamulo ake,
ndipo m'zosefukiramo munali mawu.
Makina anawerenga, namvera.

Sanafunike kubwereza.
Ife a m'chigwa timadziwa:
madzi amene amatilanda nyumba sagwa kuno.
Amagwa ku Thyolo, ku Mulanje, pa anthu ena,
n'kutipeza usiku, nyenyezi zili mbee,
kudzera pa mng'alu wa dayiki
umene aliyense anauona m'chilimwe.

Mng'alu uwunso, Zuze anatero, unkadziwika.
Eni pulogalamu anaumata kalekale,
koma yanu munagula kuti?
Ndinayang'ana kunja.
Ku Limbe, pa fulashi, kwa mnyamata wa m'kanjira.
Yeniyeni mtengo wake ndi ng'ombe,
ndipo yakubayi siilandira chigamba.
Ikanalandiranso, bandulo ya sabata
ikanathera pakati pa njira.

Madola sindinatumize. Ndikanawatenga kuti?
Ndinapita kwa Esinati, ndinakhala pamphasa,
anandiuzanso mayina a ankhoswe, limodzi ndi limodzi.
Pulani ya ku Bangula ndinaijambulanso kuchokera m'mutu.
Ndikukayika ngati windo la kuchipinda
lili mbali imene mayi aja anafuna.

Tsopano pakona pali laputopu yakale, yosweka kumsana,
yosalumikizidwa ndi chilichonse.
Fayilo yachilendo imayamba yagona m'menemo,
monga mbuzi yogula pa msika wa Ngabu
imamangidwa payokha masiku angapo
isanalowe m'khola.
Madzulo ndimakopera ntchito ya tsikulo pa diski ina,
n'kuiika m'chitini pamwamba pa kabati,
pomwe timaika zikalata mvula ikayamba kumapiri.

Lero kwabwera abusa, thukuta lili chuchuchu,
fulashi itapachikidwa pamakiyi a njinga.
Akuti ndi chizindikiro cha mpingo chokha, mwanangu,
kachithunzi kakang'ono,
anatumiza ndi mnzathu wa kutali.

Ndawapatsa mpando ndi madzi.
Ndayatsa ya pakona ija.