Telala wa pa Khonde ku Limbe

Makina anga ndi akale, opalasa ndi phazi,
ali pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe,
pomwe fumbi la maminibasi limatera pansalu
ngati nalonso likufuna kuyezedwa.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pompano.
Ndege sindinakwerepo,
koma mizinda imandipeza yokha, itapindidwa m'majumbo.

Asiyatu amafika Lolemba, akachoka ku Dar,
chikwama chikununkhira udi ndi thukuta la m'basi.
Akuti kumeneko diresi ikapanda kunyezimira
ndiye kuti mwini wake ali pamaliro.
Amandipatsa kuti ndidule m'munsi,
poti mkazi wa ku Chilomoni
sangakwekweze golide m'matope a Januwale.

Lomosi anabwerako ku Joni
ndi nsapato zoyera mbuu ngati mano a mwana.
Sanazipondetse pansi,
anazifukata m'bokosi kuchokera pa Wenela mpaka ku Bangwe.
Uko, akutero, munthu amadziwika
ndi dzina la pa lilime la nsapato, osati la bambo ake.
Ndinamufunsa ngati dzinalo limabwera kudzakumba manda.
Anangoseka, nandiponyera jinzi yatsopano
kuti ndiing'ambe pamawondo.
Ndinalandira ndalama yong'ambira,
ine amene ndinakulira zigamba.

A ku Lilongwe ndimawadziwira patali:
suti yabuluu yothina, nsapato zosongoka,
perefyumu kufika mwini wake akadali pa depoti.
Abwerera ukwati wa msuweni ku Namiwawa,
batani linathothoka pa Zalewa.
Amafunsa mtengo ali chiimire, foni pakhutu,
nkumati ife a ku Kabula tinatsalira,
timavala ngati makalaliki a kale.

Kapena n'zoona.
Kuno kolala timaikonda yowuma ndi simbi.
Chiperoni chikatsika kuchokera ku Thyolo
jekete yakuda ya pakaunjika imatuluka m'sutikesi
ikununkha mankhwala a njenjete,
mwini wake nkumayenda mu Victoria Avenue
ngati banki yonseyo ndi ya malume ake,
m'thumba muli ya minibasi yokha, yopita basi.

Ku Chichiri kuli sitolo ya magalasi
momwe chidole chopanda mutu chavala diresi
ya mtengo wa matumba atatu a feteleza.
Mayi Nasibeko anapitako kanayi kukangoiona.
Kachisanu anaijambula pafoni mlonda atayang'ana kumbali,
nabwera kwa ine ndi nsalu ya mumsika.
"Mundisokere ngati iyi, koma zisadziwike."

Ndinasoka usiku, magetsi atathima,
tochi ndituluma ndi mano.
Kawiri ndinasosola mkono wa kumanzere.
Pakhosi ndinaikapo lebulo
yomwe ndinadula pa siketi ya mu belo,
yolembedwa dzina la mzinda
umene ine ndi iye sitingautchule lilime osapunthwa.

Lamulungu pabwalo la tchalitchi
anzake anamuzungulira, kutsina nsalu, kutembenuza mpendero.
Wina nati: izi si za kuno,
matelala athuwa angazithe kuti?

Anadzandiuza yekha, akuseka mpaka misozi,
ine ndikulowetsa ulusi pasingano.
Ndinaphonya bowo katatu.
Ndinati ndi maso, akukalamba.

Pansi pa makina ndimasunga chitini cha mabisiketi
chodzaza malebulo:
ena a golide, ena ofufuma, ena olembedwa zilembo zonga nyerere.
Mvula ikamagwa, makasitomala kulibe,
ndimawayala pa thabwa ngati makadi
nkumayenda dziko lonse ndi chala.
Mdzukulu wanga Tiyese anawawerenga tsiku lina,
anapeza zana limodzi ndi asanu ndi awiri,
kenako anafunsa:
"Nanga yanu ili kuti?"

Ndinamutuma kukagula ulusi wakuda.