Khutu la Kadzamira

Pa damu la Malingunde mvula sibwera mozemba.
Imayamba yakhala pa Dzalanyama,
bii ngati thumba la makala,
ife tili pakati pa madzi, tikuwonjola makumba.

Tsiku lija kutang'anima ndinawerenga chamumtima.
Ndisanafike pa khumi bingu linayankha,
bwato n'kunjenjemera pansi pa mawondo anga.
Ndinati, achimwene, tiyeni kumtunda.
Kadzamira anaseka:
ukonde uwu ngwangongole, mphwanga,
banki mkhonde sadziwa za mitambo.

Ananditula pa bango nabwerera yekha.
Ndinamuona ataimirira, nsungwi yonyowa m'manja,
ndipo pa madzi oyalana chonchija
mtengo wautali kuposa yonse anali iyeyo.

Kuwala. Sindinamve ngakhale phokoso.
Ndimangokumbuka fungo la tsitsi lowauka
pamene tinkamukweza pa kabaza,
nsapato imodzi itatsala m'bwato,
mkazi wake Nankhoma akuthamanga m'mbuyo
mwana akulendewera pa chitenje.

Anthu ananena zambiri pa chigayo.
Ati mphezi yotumiza, ati nkhani ya malire a dimba.
Iye atatuluka m'chipatala anangoti:
palibe ananditumizira,
ndinapita ndekha kukaichingamira.

Lero khutu lakumanzere linagona.
Pamsana pali chipsera chokhala ngati mizu ya nthochi.
Sapalasanso. Amasoka maukonde a eni ake pa doko,
ndipo wapachika limu ya galimoto pa foloko.
Dzalanyama ikangoda, amaimenya,
ngwee! ngwee!
mpaka agalu a kutsidya ayambe kuuwa.

Ndiye mumuone akukalipira anyamata:
siyani ukondewo, nsomba siziwola ndi mvula!
Iwe Tsilizani, choka pansi pa bulugamayo,
mtengo woima wokha si ambulera!
Pitani m'nyumba, osati m'kachisakasa ka tomato.
Ikakupezani pakati, musaimirire,
gonekani nsungwi, dzipindeni ngati bongololo,
manja asakhudze madzi,
koma chabwino n'chakuti isakupezeni.

Ena amang'ung'udza kuti mkuluyu wasanduka tambala.
Amabwerabe. Mabwato amasanjana pa matope
ngati ng'ombe za pa dibi.

Mvula ikakata, dzuwa n'kusuzumira,
miyendo imayabwa kufuna kubwerera.
Iye amanditsina pa mkono: lathadi bingu?
Ine ndimamvetsera m'malo mwake.
Likang'ung'uza kutali cha ku Mitundu ndimagwedeza mutu,
iye n'kuyambiranso kuwerenga pa kafoni kake kosweka galasi,
theka la ola lathunthu,
ngakhale woda nsomba wa ku Chinsapo akuliza belu la njinga.

Ukonde uja sitinaupezenso.
Ngongole anamaliza mu Epulo,
atagulitsa mbuzi ziwiri ndi wailesi.
Wailesiyo, akuti, ankaimvera mbali imodzi kale.