Mzere wa Choko

Lolemba m'mawa, giredi wani, ku Chawama,
ndinadula bolodi pakati ndi choko:
uku masana, uku usiku.
Ana makumi asanu ndi atatu pa mabenchi khumi ndi awiri,
fumbi la Ogasiti lili mbuu m'miyendo.

Tandiuzani, kumwamba kumakhala chiyani?

Dzuwa! onse pamodzi, mpaka malata ananjenjemera.
Ndinalijambula kumanzere, lonenepa ngati chitumbuwa cha pageti,
ndi kuwachenjeza: ameneyu sayang'anidwa m'maso.
Mitambo, anatero Tisauke,
koma ya masiku ano imangodutsa, simwaza moni.
Ndege! Kabaso ali chiriri pa benchi.
Khala pansi, Kabaso, ndege anaikhoma anthu.
Tikufuna zimene palibe dzanja linapachika.
Nanga pulasitiki wakuda uja
kamvulumvulu anamukweza dzulo kupitirira mawaya?
Ameneyo ndi wathu, mwanawe,
adzatsika yekha kudzatichititsa manyazi.

Kumanja ndinaika mwezi.
Nyenyezi zilipo zingati? ndinafunsa.
Zindaba anawerenga zala: zisanu ndi ziwiri,
imodzi yofiira, imaphethira cha ku Kamwala.
Ndinameza kuseka.
Imeneyo ndi babu la pa nsanja ya mafoni,
ndipo mwanayu sananame:
anabadwira pansi pa nyali za mabala ndi za mamotoka,
pamene ine, ku Chadiza,
ndinkabwerera ku chigayo mochedwa
thambo litandiweramira, lolemera ngati mtengo wa masuku.

Ntchito ya kunyumba ilibe pensulo lero.
Magetsi akazima, musathamangire kandulo.
Tulukani pakhomo, gwirani chitenje cha amayi,
kwezani chibwano.

Anazimadi, nthawi ya eyitini,
komboni yonse inati haa! monga mwa masiku onse.
Ndinaima panja ndi mbaula yanga
ndikudziwa kuti kwinakwake, kuseri kwa mipanda ya mabuloko,
timakosi makumi asanu tapindika.

Lachiwiri anafika ndi pakamwa podzaza.
Aphunzitsi, wina wataya ufa kumwamba,
thumba lonse, kuchokera ku John Howard mpaka kutauni!
Umenewo ndi mlalang'amba, Zindaba. Nenani nonse.
Mla-la-ng'a-mba.
Liwu linawakoma, analitafuna mpaka buleki.
Kabaso anawerenga kufika handiredi, manambala anamuthera,
udzudzu unamaliza zotsala.
Tisauke anaona ina ikugwa
ndipo m'mawa anakaifuna mu ngalande, sanaipeze.

Lweendo yekha anali duu.
Ndi mwana wolankhulira m'kolala,
amafika mochedwa, mapewa atanyowa ndi madzi a pampopi.
Anakweza dzanja theka.
Aphunzitsi, mzere wanu wanama.

Kalasi inati zii.

Dzulo usiku mwezi kunalibe.
Ndauona lero, ndili pa mzere wa zigubu,
dzuwa litatuluka kale.
Mpaka pano ulipo.

Ndikanatha kunena kuti buku likutero.
Koma tinatuluka, tonse, kupondana zidendene,
kudutsa chimbudzi chosamalizidwa ndi thanki yopanda madzi,
ndipo kumadzulo, pamwamba pa denga la tchalitchi,
unali pomwepo, wotuwa, wodyeka mbali imodzi
ngati kachidutswa ka sopo kotsala pa mwala wochapira.

Wasochera, anatero Kabaso.
Akudikira minibasi, anatero wina.
Iyayi, wachedwa kulowa chifukwa unachedwa kutuluka,
ndinatero, ndipo Lweendo anagwedeza mutu:
za kuchedwa amazidziwa.

Titabwerera ndinafufuta mzere ndi chikhatho,
osati wonse, pakati pokha,
kakhomo koti mwezi uzidutsirapo.
Zoti dzuwa nalonso ndi nyenyezi
ndinazisunga m'thumba pamodzi ndi choko chothyoka;
kunama kumodzi pa tsiku n'kokwanira kuti mphunzitsi agwidwe nako.

Belu linalira, chitsulo cha gudumu chomenyedwa ndi bawuti.
Anatuluka chagada,
mmodzi anagunda njinga ya wogulitsa makala,
ndipo bamboyo, asanakalipe,
anayamba wayang'ana kumwamba kuti aone chimene chagwa.