Zilembo Zosakhazikika

Lipoti linabwera litapindidwa kanayi,
litanyowa ndi mvula yowaza ya mu Julayi.
Nambala eyite-wanu mwa ana eyite-folo.
Sindinanene zambiri.
Lamba ndiye anayankhula.

Chawezi sanalire,
ndipo ndi chimene chinadzandiopsa pambuyo pake.

Anasiya kudya nafe.
Anasiya mpira wa pabwalo la ku Chibavi,
nsapato zake zinachita chuku kuseri kwa chitseko.
Masana onse bulangete kumutu
ngati munthu wothawa ngongole.
Amake anati amulodza.
Mlamu anati ndi chamba cha anyamata a ku Zolozolo.
Ine ndinati ulesi basi,
n'kubwerera ku matabwa anga a paini,
poti thabwa silikuyang'ana m'maso.

Lachinayi lina, nkhungu itameza Katoto yense,
pa kabaza panatsika mayi wa ambulera yothyoka nthiti.
Madamu Msowoya, a Fomu Wanu.
Anakhala pa benchi losapala,
utuchi ukuwamata siketi.

"Bambo, mwana wanu si mbuli.
Funso ndikamuwerengera ine,
amayankha anzake asanakweze mkono.
Ndikamupatsa pepala
amatuluka thukuta, kuzizira konseku.
Akuti zilembo zimasuntha,
b amatembenuka n'kukhala d,
mizere imabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi.
Ndipo taonani kuseri kwa kope lakeli."

Ndinayang'ana.
Anazindikira msanga, nandiwerengera okha motsitsa mawu:
ndikanapanda kubadwa.

Nyundo inandilemera m'dzanja.

Zilembo zosuntha.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza makasitomala
kuti magalasi ndaiwala kunyumba.
Sukulu ndinalekera Sitandade Folo ku Ekwendeni
ndipo ndimati fizi inasowa.
Fizi inalipo.

Usiku ndinalowa kuchipinda kwake osayatsa nyali,
ndinakhala pa simenti yozizira.
Ife timadziwa kukhoma msomali;
kuuzula osang'amba thabwa, palibe anatiphunzitsa.
Agalu anauwa, anatopa.
Ndiye ndinati,
"Nanenso zimandithawa."

Bulangete linagwedezeka pang'ono.
"Ngakhale dzina lanu?"
"Makamaka dzina langa."
Anaseka kamodzi, kuseka kwa chitseko chadzimbiri,
kenako misozi ya lamba uja
inatuluka yonse, itachedwa ndi masabata atatu.

Tsopano Lachiwiri lililonse timakwera minibasi
kukaonana ndi mlangizi kuchipatala.
Iye amalowa, ine ndimadikira panja
ndikusenda nthochi, ndikuwerenga magalimoto.
Zimene amakambirana sindifunsa.
Tsiku lina anandiitana nanenso;
mpando wake ndi wofewa koma mafunso ake ndi olimba.

Madamu anamusamutsira kutsogolo,
anamupatsa rula yoika pansi pa mzere
kuti nyerere zija zisamabalalike.
Mlongo wake Tiwonge amakhala pa mulu wa matabwa
n'kumawerenga Bayoloje mokuwa, kupikisana ndi sowo,
moti nanenso pano ndikudziwa
kuti mtima uli ndi zipinda zinayi.
Ndinkayesa n'chimodzi, chokhoma.

Sindinama, masiku ena bulangete limabwerera.
Sitilikoka.
Amake amasiya tiyi pakhomo ndi mbatata ziwiri,
ine ndimagogoda kamodzi, ndimati, "Ndili panjapa."
Nthawi zina amatuluka dzuwa litapendeka.
Nthawi zina mawa lake.

Teremu ino wakhala nambala sikisite-naini.
Mlamu anapukusa mutu, nati sizinasinthe.
Ndinamusiya.

Dzulo Chawezi anaima pakhomo pa shedi,
manja m'thumba, mpweya ukufuka m'kamwa,
nayang'ana kabati imene ndinali kunyadira.
"Adada, mwendo uwo wafupika."
Ndinatsutsa. Ndinatenga tepi.
Unalidi wofupika, ndi kachikhadabo chabe.

Lamba uja ndikadali naye m'chiuno.
Ntchito yake ndi kugwira buluku.